Shati Yopanda Wodula

Bambo anga atatsala masiku ochepa kuti amwalire anandiuza kuti ndikoke thiranki yachitsulo imene inkakhala kunsi kwa bedi lawo. Anaitsekula okha n'kundionetsa envulopu yakhaki. "Awa ndi mapepala a nyumba. Asadzatuluke muno, ngakhale atabwera abusa kudzawapempha. Anzako a kuno zikawavuta amakwera basi n'kupita kumudzi kwawo. Iwe kumudzi kwako kumathera pageti apo."

Ankanena zoona. Iwo anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Bulawayo mpaka msana unapindika. Ku Dedzako ine sindinapondeko. Nditati ndipite lero, sindikudziwa kuti ndingatsikire pati, kapena ndingafunse za ndani. Kwathu ndi nyumba ya zipinda zinayi iyi ya ku Lobengula, ya mtengo wa mapeyala kuseri. Mawu a bambowo ndinawasunga zaka zambiri. Ndinawaphwanya kamodzi kokha, ndili kale ndi zidzukulu, ndipo ndi nkhani imeneyo ndikufuna kulemba.

Ndinene msanga kuti ine sindikhulupirira munthu. Wogulitsa akamandipimira shuga ndimayang'ana sikelo, osati nkhope yake. Kondakitala wa khombi, minibasi ya kuno, akandipatsa chenje ndimawerenga pomwepo iye akuona. Mlendo akatuluka m'nyumba ndimaponya maso pashelefu. Ena amati ndi matenda. Ine ndimati ndi chifukwa chake geti langa likadali langa.

Ndinagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu pa fakitale ina yosoka malaya ku Belmont. Amene sanalowemo m'fakitale amaganiza kuti wosoka amatenga nsalu n'kutulutsa shati, ngati telala wa pakhonde. Si mmene zinkakhalira. Nsalu inkadulidwa m'chipinda cham'mwamba, kumene akazi sitinkakwerako. Kwa ife inkatsika ili tizidutswa tomangidwa m'mitolo, ndipo aliyense anali ndi kachidutswa kake. Ine ndinali wa makolala. Mtolo ukafika ndisoke, nditembenuze, ndisongole nsonga, ndimange, ndikankhire kutsogolo. Kumene unkapita sindinkakutsatira. Shati yathunthu ndinkakaiona m'mawindo a masitolo m'tauni, n'kumauza ana kuti, "Kolala iyo ndi yanga."

Benchi yathu ankaitcha ya tizidutswa, ndipo inadzaza ndi ife ana a anthu a ku Nyasalande. Zinayamba kalekale ndi mayi mmodzi amene analowetsa mng'ono wake, mng'onoyo n'kulowetsa mnzake wa kutchalitchi, mpaka kapitawo anazolowera kuti pakasowa munthu pabenchipo ankangoti, "Bweretsani wanu." Kumanja kwanga kunkakhala amake mapasa, mayi wa pakamwa posatseka, amene ankasoka makafu, timapindiro ta kumapeto kwa manja a shati. Kumanzere kunali achemwali ena achisilamu, a matumba, munthu wachete wosavula mpango kumutu. Tinkadyera limodzi, khombi kukwera imodzi, maliro kuyendera limodzi.

Fakitale itatsekedwa aliyense anagwira chimene akanatha. Ine ndinayala tomato pageti. Amake mapasa ankachapa zovala kumayadi. Achemwali a matumba ankakazinga masamusa. Mwamuna wanga anali atamwalira kale, ndipo mwana wanga wamwamuna anapita ku Joni n'kundisiyira ana ake awiri. Zimene ankatumiza zinkabwera mwezi uno, kenako miyezi itatu zii.

Za banki tinazimva ku holo ya tchalitchi. Kunabwera mtsikana wovala suti yabuluu, wochokera ku banki ya boma imene anaikhazikitsa kuti izikweza ntchito zing'onozing'ono za anthu. Ankalankhula Chindebele chofewa, aliyense wa imvi n'kumamutchula gogo. Anati banki yawo si yofanana ndi a m'tauni aja, oti ukalowa ndi nsapato za fumbi mlonda amakufunsa kuti ukufuna ndani. Iwo sapereka ndalama m'manja. Gulu la amayi atatu kapena kuposa likanena ntchito imene likuidziwa, banki imagula zipangizo n'kuzibweretsa yokha. Chiwongoladzanja ndi chochepa, ndipo kubweza kumayamba pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Ndinakweza dzanja. "Nanga inuyo mupindulanji?"

"Inu mukayamba kugwira ntchito, gogo, dziko lapindula."

Yankho limenelo silinandikhutitse. Munthu akati sakufuna kanthu ndi pamene ine ndimagwira kachikwama kanga. Koma amake mapasa anali atayamba kale kundikoka chitenje. Panjira anati, "Mayunifolomu, asisi. Ana asukulu sadzatha, ndipo amang'amba mashati ngati anawalakwira."

Chovuta chinali chikole. Banki inkafuna mapepala a nyumba imene makina adzaikidwemo. Amake mapasa ankachita lendi. Achemwali a matumba anati amuna awo akhoza kulola, makina akakhale kwawo. Apa ndi pamene khalidwe langa lomwe linandigwetsa. Ndinaganiza za makina atatu ali m'nyumba ya eni, kiyi ali ndi eni, nsalu ndi ulusi zikugona kumene ine sindikuziona, azilamu ndi alendo a m'nyumbamo akulowa ndi kutuluka. Ndinalimbana nazo masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinakoka thiranki. Ndinalolera kuika nyumba ya bambo anga pachiswe kusiyana ndi kusiya makina kumene maso anga safika. Ndikudziwa kuti zikumveka zopusa. Panthawiyo zinkamveka zanzeru.

Polemba fomu mtsikana wa kubanki uja anafika pa funso la zaka zimene tasoka. Ine ndinati makumi awiri ndi zitatu. Amake mapasa khumi ndi zisanu ndi zinayi. Achemwali a matumba makumi awiri. Anaphatikiza pafoni yake n'kumwetulira. "Inu ndiye muzitiphunzitsa ife." Sanafunse kuti tinkasoka chiyani. Ifenso sitinaone chifukwa chonenera. Tinali osoka malaya, ndipo zinalembedwa choncho ngakhale pamakalata amene fakitale inatipatsa potseka.

Envulopu yakhaki anailowetsa m'chikwama chake n'kundipatsa lisiti. Ndinamufunsa dzina lonse, kumene amakhala, ndi kumene amapemphera. Anayankha zonse osakwiya, ndipo zimenezonso zinandikayikitsa.

Za boma sizithamanga. Tinadikira miyezi inayi. Mwezi uliwonse ndinkakwera khombi kupita m'tauni kukapempha kuti ndione mapepala anga. Ankawatulutsa mu kabati yachitsulo, ine n'kuwagwira, n'kuwabweza. Alonda a pakhomo anafika pondizolowera, ndikamatulukira ankangoti, "Gogo wabwera kudzazonda wodwala wake."

Makina anabwera pa lole kuchokera ku Kelvin, kumene kuli anthu ogula makina a mafakitale otsekedwa n'kuwakonzanso. Nditachotsa pulasitiki pa makina achiwiri ndinaona kadontho kofiira ka penti ya m'zikhadabo kunsi kwa gudumu. Ndinaika ndine kalekale, chifukwa a shifiti ina ankakonda kutisinthira makina abwino n'kutisiyira awo olumpha ulusi. Ndinakhala pansi kaye. Boma linali litandikongoza makina anga omwe. Ndinawasisita ngati mwana wobwera ku ulendo, ndipo kunena zoona mtima unakhala m'malo tsiku limenelo.

Ntchito sinavute kupeza. Aphunzitsi aakulu a pulayimale ina yapafupi anatipatsa oda ya mashati akhaki makumi asanu ndi limodzi, a misinkhu itatu, kuti afike sukulu isanatsegulire mu Januwale. Banki inabweretsa mipukutu iwiri ya nsalu, ulusi, mabatani ndi sizasi yatsopano.

Lolemba m'mawa tinasuntha sofa, kupukuta tebulo lodyera, n'kuyalapo nsalu. Aliyense anakhala pa makina ake, kulowetsa ulusi, kuyesa pa kansanza. Makina analira bwino onse atatu. Kenako tinaika manja pamiyendo. Panapita kanthawi ndisanazindikire chimene tinkadikira. Tinkadikira mtolo.

"Asisi, dulani tiyambe," anatero amake mapasa.

"Ndidule ine? Ine ndi wa makolala."

"Nyumba ndi yanu, tebulo ndi lanu."

"Tebulo langa silinadulepo shati. Achemwali, inu paja mumasokera adzukulu madiresi a Idi."

"Ndimagula osokasoka," anayankha achemwali a matumba, maso ali pansi. "Ine ndimangowonjezera matumba."

"Nanga manja alumikiza ndani?" ndinafunsa.

Tinayang'anana. Manja ankalumikizidwa kubenchi yakutsogolo, ya amayi a Chindebele, amene tinkangopatsana nawo moni pageti. Posankhana gulu tinasankhana monga tinkadyera, osati monga shati imasokedwera.

Amake mapasa anayamba kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya eni. Ine sindinaseke. Ndinkaona envulopu yakhaki ili mu kabati ya anthu ena.

Tinati tiyese nzeru zathu. Tinagula shati imodzi m'sitolo, kuiphwasula ndi lezala, n'kujambula zidutswa zake panyuzipepala. Wodula ndinakhala ine, ndipo popeza sindifuna kutaya kanthu, ndinkatembenuza mapepalawo uku ndi uku, ena chopingasa, ena chopendekera, kuti pasatsale nsalu ngakhale yopukutira mphuno. Ndinadula pafupifupi theka la mpukutu tsiku limodzi. Titasoka shati yoyamba, kuichapa, n'kuiyanika, mbali imodzi inatsika, ina inakwera, mabatani anakhotera kukhwapa, manja anachita makwinya ngati khosi la nkhukundembo. Kolala yokha ndi imene inaima bwinobwino, ngati munthu wovala tayi pakati pa oledzera.

Masabata awiri otsatira ndimachita nawo manyazi. Manja ozolowera ntchito sakhala chete, ndiye tinatenga zidutswa zoonongeka zija n'kumasoka zimene tinkadziwa. Ine makolala, amake mapasa makafu, achemwali matumba. Tinadzaza katoni. Anthu odutsa mumsewu ankamva makina akulira n'kumati amayi aja zawayendera. Mtsikana wa kubanki atabwera kudzatiyendera ndinaika katoniyo patebulo. Anatola kolala imodzi, kuiyang'ana mbali zonse, n'kuijambula pafoni.

"Zokongola, gogo. Nanga mashati ali kuti?"

"Ali m'njira," ndinatero.

Atapita, amake mapasa anati, "Njira yake iti, asisi? Yodzera ku Joni?"

Amene ananena zothandiza anali achemwali a matumba. "Bambo odula a kufakitale aja alipo. Amakonza maambulera ndi mazipi pamsika."

Ndinkadziwa kuti alipo. Ndicho chifukwa chake kwa zaka zambiri ndinkalowera pamsikapo kumbali ya nsomba, ngakhale ndikufuna masamba. Bambowa anali mkulu wa chipinda cham'mwamba chija, mwana wa ku Nyasalande ngati ife. Tsiku lina tikuweruka ndinaona jasi lawo litatupa, ndipo ndinakauza kapitawo. Anawasecha pageti anthu onse akuona. Munali tizigamba totsala podula, toti akazi awo azisokera zopondera pakhomo. Anawadula malipiro a sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo ankanditchula apolisi, ndipo dzinalo linafalikira fakitale yonse.

Ndinazengereza masiku atatu. Koma ndinkati ndikatuluka kukathirira mtengo wa mapeyala, n'kuyang'ana denga limene bambo anga anakhoma okha, ndinkaona kuti manyazi ndi opepuka. Ndinakulunga shati yokhota ija m'pepala n'kupita.

Ndinawapeza atakhala pa kabenchi, ambulera yothyoka ili pamaondo, magalasi omanga ndi waya ali pamphuno. Atandiona anatembenukira kwa mayi wogulitsa masamba pambali pawo.

"Bisani katundu, mama, apolisi afika."

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera. M'jasi mulibe kanthu, mukhoza kusecha."

Ndinamasula pepala n'kuwapatsa shati. Anaiyandikiza kumaso, kuikoka m'litali, kuikoka m'lifupi, kenako anaseka chamumtima mapewa okha akugwedezeka.

"Wadula ndani?"

"Ine."

"Nsalu ili ndi njira yake, mayi. Inu mwaigawa ngati nyama ya paukwati, aliyense alandireko." Anagwira kolala n'kusiya kuseka. "Koma iyi ndi yanu, ndaizindikira. Makolala anu sankabwezedwa."

Ndinawafotokozera zonse, za banki, za oda ya sukulu, za nyumba. Atamva za nyumba anavula magalasi. Nawonso alibe mudzi wokwerera basi.

Anandiuza kuti tsiku limene fakitale inkachotsedwa katundu, anthu anatulutsa mapatani onse, makatoni olimba aja ojambulira zidutswa za shati, n'kuwaunjika pabwalo kuti awotche. Iwo anatola a mashati asukulu, misinkhu yonse, n'kuwamanga panjinga. Anati akadali kunsi kwa bedi lawo.

"Ndikuthandizani, koma pali ziwiri," anatero. "Choyamba, mapataniwo mudzasenza nokha pamutu, masana, kudutsa pamsika pano, kuti mumveko kulemera kwa katundu wakuba. Chachiwiri, sindikudulirani. Ndikuphunzitsani. Maso awa atsala pang'ono, ndipo sindikufuna kuti mudzabwere kumanda kudzandifunsa za manja a shati."

"Zokulipirani ndilibe."

"Banki yanu ija nayonso ilibe?"

Apa panali povuta kuposa pamsika. Kupita kubanki kunatanthauza kukaulula kwa anthu osunga mapepala anga kuti ndinanama, ndipo theka la mpukutu wawo ndinaliononga. Maganizo anga onse ankandiuza kuti munthu sauza wokongoza kufooka kwake. Koma nsalu yotsala sikanakwanira oda, ndipo miyezi isanu ndi umodzi ija inali ikudyeka. Ndinavala diresi la kutchalitchi n'kukwera khombi.

Patebulo la mtsikana uja ndinaika kolala imodzi ndi shati yokhota. "Iyi ndi imene timadziwa. Iyi ndi imene sitidziwa."

Anayang'ana zonse ziwiri nthawi yaitali. "Gogo, bwanji simunanene tsiku lija?"

"Inu munafunsa?"

Anatulutsa fomu yathu, kuiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi ndi chala. "Ayi," anatero. "Sitinafunse."

"Ndiye ndiuzeni pompano, nyumba yanga mudzaitenga liti? Ndikonzekeretse ana."

"Nyumba yanu tikaitenga itisokera chiyani? Ife tikufuna mashati."

Anandifotokozera kuti pa ngongole iliyonse pamakhala kagawo kolipirira wophunzitsa ntchito, koma anthu sakapempha chifukwa aliyense amaopa kuoneka wosadziwa. Anati bambo odulawo akhoza kulipidwa pamenepo ngakhale gulu ndi la amayi okha, popeza sakulowa m'gulu. Mpukutu wina wa nsalu adzatipatsa, koma udzawonjezedwa pa ngongole, zoononga zathu banki sidzatisenzera. Tsiku loyamba kubweza adzalikankhira kutsogolo miyezi iwiri. Zonsezi zinkafunika kuti bwana wake asaine.

"Asaina liti?"

Anayang'ana kudenga. Ndinamva.

Bwanayo anatenga masabata asanu. Tikanamudikira, Januwale akanatipeza tikusokabe makolala. Koma bambo odula anati tiyambe mawa lomwe ndi nsalu imene inatsala, adzalandira zawo pepala likadzatuluka.

"Popanda cholembedwa chilichonse?" ndinawafunsa. "Mukundikhulupirira bwanji?"

"Munthu amene anandinenera chifukwa cha tizigamba sangandibere," anatero.

Mawu amenewo anandikhala pamtima ngati mwala. Sindinkadziwa kuti kukhulupiriridwa kumalemera choncho.

Mapatani ndinasenza, monga tinapanganirana. Anali omangidwa ndi lamba wakale, onunkha fumbi ndi mafuta a makina. Bambowo ankayenda patsogolo ndi ndodo, akuuza aliyense pamsika kuti, "Patukani, apolisi agwira katundu." Amayi a masamba anaseka, ine ndinangoyang'ana kutsogolo. Sanali olemera kwenikweni.

Ankabwera m'mawa uliwonse ndi sizasi yawo yaikulu yokulunga m'nsanza. Ya kubanki ija anaiyesa kamodzi n'kunena kuti tizidulira anyezi. Anandiphunzitsa kuona njira ya ulusi mu nsalu, kuyala nsalu zingapo pamwamba pa inzake osakwinyika, kujambula ndi choko, ndi kudula timano ting'onoting'ono m'mphepete tosonyeza pamene dzanja likumana ndi phewa. Timano timeneti ndinatiwona zaka zonse zija pamakolala anga, osadziwa kuti pali munthu m'mwambamo amene amatiika kuti ine ndisasochere. Ndikafuna kupanikiza mapatani kuti ndisunge nsalu, ankagogoda tebulo ndi ndodo. "Zotsala zisiyeni zitsale, apolisi. Mudzasokera zopondera pakhomo."

Amake mapasa anaphunzira kulumikiza manja, akutukwana dzanja lililonse m'Chindebele. Achemwali a matumba anatenga kutsogolo kwa shati ndi mabowo a mabatani, ndipo anagwira msanga kuposa tonse. Katoni ya manyazi ija inatipulumutsa pamapeto, chifukwa makolala, makafu ndi matumba ambiri anali okonzeka kale. Tsiku limene shati yoyamba yowongoka inatuluka, tinaipachika pachitseko n'kukhala tonse anayi kumangoiyang'ana. Zaka zonse zija ndinali ndisanaonepo kolala yanga ikulowa pamalo pake.

Sukulu ikutsegulira tinapereka makumi anayi ndi asanu. Otsalawo anachedwa sabata imodzi. Aphunzitsi aakulu anadandaula, koma analipira, ndipo chaka chotsatira anatiitananso.

Ngongole tinaimaliza patatha zaka ziwiri ndi theka. Inalipo miyezi imene tinkapereka kubanki ife n'kudyera masamba okhaokha, makamaka pakati pa chaka pamene makolo sagula mayunifolomu. Tsiku lokatenga mapepala ndinapita ndekha. Ndinawerenga tsamba lililonse, kuyerekeza ndi fotokope imene ndinasunga, n'kuyang'ana kuseri ngati sanalembeko kanthu. Mtsikana uja, amene tsopano anali ndi mphete ndi mimba, anandidikira osandifulumizitsa. Kenako anatulutsa fomu yatsopano n'kundilozera mzere wina. Pansi pa funso la zaka anawonjezerapo lina, lofunsa kuti pa ntchitoyo munthu amadziwa mbali iti, ndipo mbali zotsalazo adzagwira ndani.

"Limeneli ndi lanu, gogo," anatero.

"Mundilipira zingati?"

Anaseka, koma ine ndinkafunsa zenizeni.

Anthu amandifunsa ngati banki za boma zimenezi zimathandizadi. Ine ndinganene zimene ndinaona. Banki ya m'tauni sikanandipatsa ngakhale mpando. Iyi inandipatsa makina, inandidikira, ndipo nditalakwitsa sinathamangire nyumba. Koma inachedwa pamene tinkafuna changu, ndipo inawerenga zaka zathu osayang'ana manja athu. Pakanapanda bambo okonza maambulera amene anayamba ntchito pepala lisanasainidwe, sindikudziwa kuti ndikanalembera kuti nkhani ino. Ndimamvanso za magulu ena amene zipangizo zawo zili ndi dzimbiri kuseri kwa nyumba, ndi ena amene akuti analandira chifukwa chodziwana ndi akuluakulu. Zimenezo sindinazione ndi maso anga, ndiye ndizisiye. Za ife ndi izi: makina atatu akulira, adzukulu anga amapita kusukulu atavala zosoka agogo awo kuyambira kolala mpaka pansi, ndipo tinalemba mayi wina wa kubenchi yakutsogolo ija kuti azitithandiza nyengo ya Januwale. Ndimamuyang'anitsitsa, koma dzanja amalumikiza bwino.

Envulopu inabwerera mu thiranki. Poibweza ndinalankhula ndi bambo anga pang'ono. Ndinawauza kuti inatuluka, inde, koma yabwera, ndipo sidzatulukanso.

Bambo odula maso anathadi. Sizasi yawo anaisiya kwa ine, ndipo ndimaikulunga m'nsanza yomwe ija. Lachisanu lililonse mkazi wawo amawaperekeza kudzamwa tiyi. Amagwira shati imene ndadula, kuyendetsa chala m'mphepete kufunafuna timano, n'kunena kuti, "Apolisi akuyesetsa." Akachoka sindiyang'ana pashelefu. Kapena ndimayang'ana pang'ono, chizolowezi sichitha.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mukadzadutsa ku Lobengula mudzandizonde. Mudzamva makina musanaone nyumba, ndipo mtengo wa mapeyala umaonekera pamwamba pa denga. Gogodani pageti, musalowe nokha. Mudzandilankhule Chichewa, chifukwa adzukulu angawa ndikawafunsa amandiyankha m'Chindebele, ndipo lilime langa likuuma. Ndidzakufunsani kuti ndinu mwana wa ndani ndipo mwadzatani, mwina kawiri. Musadzakhumudwe. Mukadzayankha bwino tiyi alipo, ndipo ngati kolala ya shati yanu yatha, mudzabwere nayo.